Koshari wa ku Egypt pa mbaula imodzi, ndiyambire pati?

Amake Dalitso, Kabwata

Moni nonse. Ndikupempha amene anaphikapo koshari ndi manja awo andithandize.

Kwathu ndife Akatolika, ndiye Lachisanu lililonse la Lenti nyama sitidya. Ana atopa nazo nyemba ndi soya, mbale zikumabwerera zosatha. Mlongo wanga wamng'ono, amene anakhalako ku Cairo pa maphunziro, ndiye wandiuza za chakudya chimenechi. Akuti ndi mpunga wosakaniza ndi mphodza ndi makaroni, pamwamba pake msuzi wa matimati, tchana ndi anyezi wokazinga. Mulibe nyama ngakhale kachidutswa, koma munthu umakhuta mpaka madzulo. Iye ankangogula chophikaphika, kaphikidwe kake sakadziwa.

Loweruka ndinapita kwa amwenye ku Kamwala kukaona mphodza. Ndinapeza za mitundumitundu: zofiira zong'ambula, zakhofi za makoko, zachikasu, ndi zobiriwira zing'onozing'ono zimene timazidziwa kwathu ku Katete. Ndinabwerako chimanjamanja poopa kugula zosayenera, pakuti mitengo yake si yoseweretsa. Nanga mpunga? M'nyumba ndili ndi meda ya mpunga wa ku Mongu. Ungachite, kapena mpaka ndikafune wina?

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi moto. Pa YouTube ndikuona mapoto 4 kapena 5 akuwira nthawi imodzi. Kuno magetsi akapita m'mawa kubwera kwake ndi usiku, ndipo mbaula ndili nayo imodzi yokha. Ndingatani kuti zonse zifike patebulo zikadali zotentha? Komanso anyezi. Wa pazithunzi amaoneka wouma, wofiirira bwino, pamene wanga ndikakazinga amangolobodoka n'kumwa mafuta. Pakhomo tilipo anthu 6, awiri mwa iwo ndi anyamata odya kwambiri. Zikomo.

NaBanda, Chilenje

Amake Dalitso mwanangu, mbaula imodzi ikwana, musade nkhawa. Ine ndinagwirapo ntchito yophika kwa banja lina la ku Egypt konkuno ku Lusaka. Bambo anali dokotala, ndipo amayi a m'nyumbamo ndiwo anandiphunzitsa. Anali Akhristu a mpingo wa Coptic. Iwo kusala kwawo Pasaka asanafike ndi kwa masiku 55, ndipo nyama, mazira, mkaka ndi batala zonse zimachoka m'khitchini. Nyengo imeneyo koshari ankabwera patebulo kawirikawiri.

Tchana yekha ndi wa dzulo lake. Viikani kapu imodzi usiku wonse, m'mawa muwiritse mpaka afewe, mumuike pambali. Amatha kuzizira, pomaliza mudzangomuthira madzi otentha.

Mukakoleza moto wophikira, yambani ndi anyezi, makala ali pachimake. Ndichedwapo pamenepa chifukwa kukoma konse kwa koshari kumachokera pa anyezi ndi mafuta ake. Mpunga, mphodza ndi makaroni pazokha n'zozizira mkamwa. Kwa anthu 6 tengani anyezi akuluakulu 5, musachepetse. Mudzaona ngati mwachulutsa, koma akapsa amatsala wodzaza mbale yaing'ono, ndipo ana amayamba kutola asanafike n'komwe patebulo. Dulani mopyapyala, zidutswa zofanana, chifukwa chochindikala chimakhala chikadali chachiwisi pamene chopyapyala chapserera kale. Wazani kamchere, siyani mphindi 15, kenako finyani ndi kansalu koyera. Mudzadabwa madzi amene atuluke. Madzi amenewo ndi amene amalobodola anyezi wanu. Mukafinya thirani supuni 2 za fulawa, sakanizani ndi zala, kunthani wotsalira.

Mafuta asakhale a dontho amene timathira mu repu. Pafunika kapu imodzi ndi theka, anyezi azisambira. Musaumire, mafutawo sapita pachabe, muona kutsogoloku. Kazingani m'magawo atatu. Mukakhuthulira onse pamodzi mafuta amazizira, anyezi n'kuyamba kuwira m'madzi ake m'malo mokazingika. Vundulani mwa apo ndi apo. Ndipo vuulani msanga, atangofiirira pang'ono, chifukwa amapitiriza kupsa ali kunja kwa chiwaya. Mukadikira kuti ade ali pamoto, akazizira amawawa. Yalani papepala loyera pa lichero ndipo musavundikire, nthunzi imamufewetsanso. Akazizira azikukutika mkamwa ngati kapenta wokazinga bwino.

Mafuta aja sefani muike m'kapu. Kuyambira pano chilichonse mukuphikira amenewo.

Chachiwiri ndi msuzi, poti umatha kudikira n'kudzatenthetsedwanso. Matimati 8 akupsa kwambiri, a ku msika wa Soweto ofewa aja amene amatsika mtengo madzulo ndiwo abwino. Apaleni pa geleta, makoko mutaye. Supuni 2 za mafuta a anyezi, timagawo 4 ta adyo wosinja, akangonunkhira thirani matimati, supuni 2 za tomato paste, mchere, kashuga pang'ono ndi supuni 2 za viniga woyera. Uwire mphindi 20 mpaka ulimbe, mafuta atayandama pamwamba. Patulani pang'ono m'kambale muthiremo tsabola wa kambuzi, ameneyo ndi wa akuluakulu. Eni ake amati shatta.

Za mphodza, gulani zakhofi za makoko zija. Kwa amwenye nenani kuti mukufuna masoor yathunthu, yosang'ambula. Zofiira ndi mbewu yomweyo koma yochotsa khoko, ndiye pakatha mphindi 10 zimasungunuka kukhala chipere. Zobiriwira za ku Katete ndi mbewu ina, kakomedwe kake n'kosiyana. Tengani kapu imodzi ndi theka, sankhani miyala, tsukani, wiritsani mphindi 15 zokha. Mukaluma zizimveka kuti mkati mukadali kolimbako, pakuti zikapsera limodzi ndi mpunga. Madzi ake musataye.

Mpunga wa ku Egypt ndi waufupi, wonenepa, amalima kumene mtsinje wa Nile umagawikana usanathire m'nyanja. Amayi aja akasowa wakwawo ankanditumiza wa ku Mongu kapena wa ku Chama, ndipo ankakhutira nawo. Ungofunika kuupeta, kuusankha bwino ndi kuutsuka mpaka madzi ayere, kenako udonthe pasefa. Makapu 2 akwana. Mupoto thirani supuni 3 za mafuta a anyezi. Thyolani supageti wodzaza dzanja limodzi tizidutswa tifupitifupi, kazingani mpaka afiire, thirani mpunga muukazingenso pang'ono kuti njere iliyonse ivale mafuta. N'chimene chimaletsa kumatana. Onjezani mphodza, mchere, tiyisupuni imodzi ya chitowe chosinja (cumin), kwa amwenye amati jeera. Thirani madzi a mphodza aja, apitirire mpunga ndi mfundo imodzi ya chala, osaposa apo, chifukwa wa ku Mongu madzi akachuluka umachita phala. Akaphwera mpaka timaenje taoneka pamwamba, vundikirani, phulani makala ambiri mumbaula, ena muike pachivundikiro. Pakatha mphindi 10 tsitsani poto osavundukula, mumukulunge m'bulangete lakale, akhale mphindi 20. Mpunga umamalizika wokha ndipo umakhala wotentha nthawi yaitali.

Mbaula yapeza mpata tsopano. Bwezerani makala, wiritsani makaroni makapu 2 m'madzi a mchere, khetsani madzi, thirani supuni ya mafuta a anyezi. Tenthetsani msuzi.

Chotsala ndi dakka, chimene ambiri amachisiya poganiza kuti n'chongowonjezera. Sinjani timagawo 5 ta adyo ndi mchere, thirani tiyisupuni ya chitowe, tiyisupuni ya dhania (coriander) wosinja, viniga supuni 4, madzi theka la kapu ndi madzi a ndimu imodzi. Sichifuna moto. Aliyense amadzithirira yekha m'mbale mwake. Popanda dakka chakudyachi chimalemera mkamwa, munthu supita nacho patali.

Pogawa yambani ndi mpunga wa mphodza, pamwamba makaroni, kenako msuzi, tchana, anyezi pomalizira penipeni. Anyezi akagona mumsuzi mphindi zochepa wafewa, choncho muikeni anthu atakhala kale pansi.

aPhiri, Emmasdale

Amayi NaBanda, mwandikumbutsa kutali. Ine ndinaphunzira ku yunivesite ya Al-Azhar ku Cairo, ndipo ophunzira ochokera kumaiko akuno koshari ndiye anatisunga, chifukwa kunalibe chakudya china chokhutitsa pa ndalama yochepa chotere. Pa kaphikidwe sindingawonjezere kanthu, mwanena zonse. Ndingofotokozako mmene amadyera kwawoko kuti Amake Dalitso adziwe chimene akulinga.

Ku Cairo kuli malo odyera ogulitsa koshari yekha basi. Ukalowa sufunsidwa kuti udya chiyani, umangonena kukula kwa mbale. Wogawa amaima kuseri kwa mapoto akuluakulu, chilichonse m'poto mwake, ndipo amatapa mofulumira kwambiri uku akugogoda supuni pachitsulo. Phokoso limenelo umalimva ukadali mumsewu. Patebulo pamakhala mabotolo awiri, la dakka ndi la shatta. Malo otchuka kwambiri ndi Abou Tarek, pa msewu wa Champollion, kufupi ndi Tahrir Square. Anayamba mu 1950 ndi kangolo kokankha, lero ndi nyumba yosanjikizana. Mumakhala odya a mitundu yonse, wa tayi, woyendetsa takisi, mlendo wa kamera, onse mbale yachitsulo yofanana. Ambiri akamaliza amatsitsira ndi mpunga wamkaka wozizira wa shuga kuti tsabola aleke kuyabwa.

Za kumene chinachokera anthu amatsutsana. Ambiri amati muzu wake ndi khichdi wa ku India, mpunga wophika pamodzi ndi mphodza, ndipo anafika ku Egypt m'zaka za m'ma 1800, nthawi imene Suez Canal inatsegulidwa mu 1869 ndi pamene Angerezi analanda dzikolo mu 1882 n'kumabweretsa asilikali ndi antchito a ku India. Makaroni ndi msuzi wa matimati amati zinalowa chifukwa cha anthu a ku Italy amene anali ochuluka ku Cairo ndi ku Alexandria. Anzanga ena a konko ankakana kwamtuwagalu, amati mphodza akhala akudya kuyambira nthawi ya Afarao, sanachite kuphunzitsidwa ndi mlendo. Pa za mphodzazo akunena zoona, ndi mbewu yakalekale kumeneko. Ngakhale ku Lebanon, Syria ndi Palestine kuli mujaddara, mpunga, mphodza ndi anyezi wokazinga, wopanda makaroni. Ndipo ku Alexandria koshari wawo ndi wachikasu, amaphika ndi mphodza zong'ambula zimene amayi akuletsazi, wofewa, nthawi zambiri amadyera mazira. Ndiye wina akagula zofiira asataye mtima, waphika wa ku Alexandria. Koma amene mlongo wanu akumulakalaka ndi wa ku Cairo, wa mphodza za makoko.

Mu December 2025 bungwe la UNESCO linaika koshari pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa, mndandanda womwe uja umene muli Gule Wamkulu wathu, ndi nsima ya ku Malawi imene inalowa mu 2017. Ndinakondwa nditamva, chifukwa zonsezi ndi zinthu za anthu wamba.

Pempho langa ndi limodzi. Musaikemo nyama yogaya kapena soseji pofuna kukometsa. Ndaonapo ena kuno akutero, ndipo fungo la nyama limaphimba anyezi ndi chitowe. Tsiku loyamba muphike mmene alili, kuti ana adziwe koshari weniweni.

aMbewe, Chawama

Ndawerenga zonse ndipo njala yandigwira, koma ndili ndi mafunso awiri, mundikhululukire ngati ndikubweza nkhani m'mbuyo.

Mukuti ndi chakudya cha anthu osauka. Ku Cairo mwina. Kuno mphodza zimenezo sitilima, zimachokera kunja, maiko olima zambiri ndi Canada ndi India, ndiye kapaketi ka 500g mtengo wake ungagule nyemba zodya masiku angapo. Tchana chimodzimodzi. Onjezani mafuta kapu ndi theka, anyezi 5, matimati 8, ndi makala oyaka kuyambira anyezi mpaka makaroni. Kwa ife a ku Chawama chimenechi ndi chakudya cha pa Khirisimasi. Bwanji osagwiritsa ntchito khobwe kapena nandolo, zimene abale amatitumizira kuchokera ku Chipata pa basi? Kodi chingawonongeke n'chiyani?

Lachiwiri ndi la thanzi. Akazi anga ali ndi matenda a shuga, ndipo kuchipatala anatiuza kuchepetsa nsima yoyera, mpunga ndi buledi. Pano ndikuona mpunga, supageti ndi makaroni m'mbale imodzi, ndiwo zamasamba palibe. Ineyo ndinaleredwa kuti chakudya ndi nsima ndi ndiwo, china chokhutitsa china chodyera. Apa zokhutitsa zitatu zaunjikana. Sindikunyoza chakudya cha eni ake, ndikufunsa ngati munthu wofuna kuphikira banja lonse poto mmodzi, osapatula wodwala.

NaBanda, Chilenje

Bambo Mbewe, mafunso anu ndi a munthu wosunga banja, ndipo pa mtengo simukunama. Mphodza kuno n'zodula. Chongoti zimafufuma ndipo m'chakudyachi zimalowa zochepa, paketi ya 500g imaphika pafupifupi kawiri kwa banja la anthu 6. Kwa amwenye ku Kamwala zoyeza pasikelo zimatsikako kusiyana ndi za m'mapaketi a m'masitolo akuluakulu. Mafutanso sathera tsiku limodzi. Otsala ndimasunga m'botolo, ndimakazingira mazira, kabichi, ngakhale kuthira m'nyemba, ndipo amakometsa kuposa atsopano.

Khobwe ndinayesapo nditasiya ntchito kuja, ndalama zitavuta. Amachita, makamaka wamng'onowamng'ono wofiirira. Muviike usiku, muwiritse mpaka atatsala pang'ono kupsa musanamuphatikize ndi mpunga, chifukwa iye safulumira ngati mphodza. Kakomedwe kamasintha, khobwe ali ndi fungo lake lamphamvu ndipo njere zake n'zazikulu, sizibisala mumpunga. Mwana wa ku Cairo sangavomere kuti ndi koshari, koma ana anga ankadya mpaka kupala nkhoko. Nandolo wouma sindinamukonde, amachedwa kupsa ndipo kafungo kake kamalimbana ndi chitowe. Tchana mukhoza kumusiya osadandaula, ndi wapamwamba chabe. Zimene sindingalole kuti musiye ndi anyezi, chitowe ndi dakka. Zimenezi zilipo, ngakhale ndi khobwe mbale imakoma. Mukazichotsa, ngakhale mutagula mphodza zodula bwanji, mwangophika mpunga wa nyemba.

Za amayi akunyumba, kuchipatala anakuuzani zoona, ndipo muyezo wawo akakuuzeni ndi iwowo. Chimene ndingathandize ndi cha kukhitchini. Ubwino wa koshari ndi woti zinthu zimaphikidwa padera, mbale iliyonse imamangidwa payokha. Wiritsani mphodza zochulukirapo, zina muzisiye zipse zokha osaziphatikiza ndi mpunga. M'mbale ya amayi muike mphodza zambiri ndi tchana, mpunga pang'ono, makaroni ayi, msuzi wopanda shuga uja. Pambali pakhale saladi ya matimati, nkhaka ndi anyezi wamuwisi, kapena repu wofutsa. Bambo dokotala aja nawonso ankadya ndi saladi pambali pafupifupi nthawi zonse. Motero aliyense wadya chimodzimodzi, palibe wopatulidwa.

Makala amathadi, pamenepo sindikutsutsani. N'chifukwa chake ndimakulunga poto m'bulangete. Komanso msuzi ndi anyezi mukhoza kukonzeratu dzulo lake pa moto wotsala mukaphula nsima yamadzulo.

Amake Dalitso, Kabwata

Amayi NaBanda, Mulungu akudalitseni. Ndaphika Lachisanu lapitali, ndipo ndinatsata mndandanda wanu kuyambira anyezi mpaka makaroni. Za bulangete zija zinandithandiza kwambiri, mpunga unatuluka woyoyoka, njere payokhapayokha, ndipo unali ukadali wotentha pamene bambo a Dalitso amafika. Anyezi anauma bwino. Gawo lomaliza linada msanga kuposa awiri oyamba, ndikuganiza kuti ndi fulawa wotsalira m'mafuta, koma silinawawe.

Mlongo wanga ndinamuitana. Anati mpunga ndi mphodza zili m'malo mwake, koma msuzi wa ku Cairo umakhala wowawasako kuposa wanga ndipo dakka amathira wambiri. Anadzithirira mpaka pansi pa mbale panaoneka madzi. Anyamata anabwereza. Wamng'ono yekha, wa zaka 5, ndiye anatola makaroni ndi anyezi n'kusiya mphodza, koma ameneyo ndi nyemba zomwe amatero.

Bambo Phiri, nyama sindinaikemo. Bambo Mbewe, mtengo ndinauwerengera, unaposa wa nsima ya nyemba koma sunafike pa wa nkhuku, ndipo panatsala chakudya cha m'mawa.

Chimene chandivuta ndi tchana. Ndinaviika usiku wonse, ndinawiritsa mpaka makala anatha ndikuwonjezera ena, koma mkati anakhalabe wolimba, khoko lake losafuna kufewa. Nyemba nazonso kuno zimandichedwera kuposa kumudzi, ndiye ndayamba kukayikira madzi. Ife timamwa a pachitsime chobowola cha pamalo pathu. Alipo akudziwa? Komanso anyezi wotsala ndingamusunge bwanji kuti asafewe? Ndikufuna Lachisanu likudzali ndikazingiretu wambiri.

Aphunzitsi Zulu, Matero

Amake Dalitso, mwakayikira malo oyenera. Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo funso la nyemba zosapsa ana amalifunsa chaka chilichonse.

Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pamwamba pa miyala ya laimu, ndiye madzi a pansi panthaka amakhala ndi calcium ndi magnesium wambiri. Umboni wake ndi zoyera zimene zimamatirira mkati mwa ketulo yanu. Calcium ameneyu amagwira zinthu zimene zimamanga khoko ndi mnofu wa nyemba, n'kuzilimbitsa, ndiye madzi amavutika kuzifewetsa. Tchana ndi amene amavutika kwambiri pakuti khoko lake n'lochindikala. Palinso china: Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho madzi kuno amawira pa madigiri 96 m'malo mwa 100. Cairo ili pansi, kufupi ndi mulingo wa nyanja. Mphindi zimene mukuona pa YouTube ndi za kumeneko, kuno muziwonjezerako, ndipo muzidalira kuluma osati wotchi.

Mankhwala ake agogo athu ankawadziwa kale, ndi chidulo, lero timangogula soda. Poviika kapu imodzi ya tchana thirani theka la tiyisupuni ya soda ndi kamchere, agone maola 12. M'mawa tayani madziwo, tsukani bwino, muwiritse m'madzi atsopano. Akakanikabe onjezani kansonga ka supuni ka soda m'poto, koma osapitirira, chifukwa wochuluka amabweretsa kakomedwe ka sopo ndipo tchana amaphwanyika. Mchere suletsa nyemba kupsa monga ambiri amanenera. Zoletsa ndi zowawasa, matimati, viniga ndi mandimu, choncho zimenezi zisakhudze tchana kapena mphodza zisanafewe. Mphodza za koshari musaziikire soda, mukufuna zikhale zathunthu.

Chomaliza ndi ukalamba wa mbewu. Tchana amene wakhalitsa m'sitolo, makamaka malo otentha, safewa ngakhale mutatani. Gulani kumene katundu amayenda msanga, ndipo pewani wamakwinya kwambiri kapena wofumbwa. Ngati makala akuvuta, wa m'chitini ndi wopsa kale, mumangotsuka n'kutenthetsa, ndipo mukawerengera makala mtengo wake susiyana kwambiri.

NaBanda, Chilenje

Aphunzitsi anena zoona, soda ndimathira inenso. Gawo lomaliza la anyezi limada msanga chifukwa cha fulawa wopserera, mwaona bwino, ndiye muzisefa mafuta musanathire gawo lotsatira, ndipo muchepetseko moto.

Posunga, dikirani azizire kotheratu papepala, ngakhale ola lathunthu. Kenako muike m'botolo lagalasi louma bwino, pansi pake mutayala kapepala koyera, mutseke zolimba. Asalowe m'firiji, chinyezi chake chimamufewetsa, makamaka magetsi akamapitapita. Pamalo ouma amakhala masiku 3 kapena 4. Nyengo ino ya mvula akafewako, mutenthetseni mphindi 2 m'chiwaya chouma popanda mafuta, akazizira aumanso. Za msuzi, mlongo wanu akunena zoona, onjezani supuni ina ya viniga chakumapeto, mutatsala pang'ono kuphula.